Impso za Bambo Mtambalika

Kalekale, koma osati kale loti anthu n'kuiwala, ku Balaka kudali bambo wina, Zakeyu Mtambalika, amene adakalambira pa ntchito yokonza njanji. Atapuma, adatsala ndi sikimu ya chipatala ya kuntchito kuja. Sikimuyo idali yamphamvu, koma inkalipirira iwo okha. Akazi awo, aNachisale, sadalimo. Banjali lidali ndi ana atatu: Yotamu, Lameki ndi Delifa.

Tsiku lina Lameki adasonkhanitsa banja lonse. Adati wapeza sikimu ina yolipirira anthu awiri pamtengo womwewo. "Bambo, inu mukadwala mumagona pabedi lamatiresi, amayi amakafola pamzere dzuwa likuswa mtengo. Zimenezi n'zoona? Tiyeni tisinthe." Lameki adangomva zokoma za wotsatsa sikimuyo, osafunsa zambiri.

Yotamu, woyamba kubadwa, adagwirapo ntchito ku kampani ya inshuwaransi. Ankadziwa kuti masikimu ena salipirira msanga matenda amene munthu walowa nawo. Adangoyamba kuti, "Tisathamange," Lameki n'kumudula: "Achimwene, kwa inu chilichonse chochokera kwa ine n'choipa." Bambo adaseka, n'kugwirizana ndi Lameki. Yotamu adachita manyazi, n'kukwiya. "Poti wopusa ndine, chitani," adatero, n'kunyamuka. Panjira adadzitonthoza kuti bambo ake alibe matenda alionse.

Delifa adakhala pamphasa, osatsegula pakamwa. Iye yekha ndiye adaperekezapo bambo ake kwa dokotala, n'kumva ndi makutu ake kuti impso zawo zatopa. Pobwerera tsiku limenelo, bambo adamugwira dzanja nati, "Mwanawe, izi zithere pompano. Amako akamva, mtima udzawapha ine ndikadali moyo." Delifa adalumbira. Za malamulo a masikimu sankadziwa kanthu.

Motero adasintha sikimu.

Mvula isanathe, aNachisale adagwa m'munda, matumbo atapotana. Adathamangira nawo kuchipatala cha pulaiveti, ndipo sikimu yatsopano ija idavomera pomwepo. Adawachita opaleshoni tsiku lomwelo. Dokotala adati akadachedwa pang'ono, bwenzi akukhoma bokosi.

Chilonda chawo chisanapole, miyendo ya bambo idayamba kutupa, kenaka nkhope. Madokotala adati pakufunika makina otsukira magazi. A sikimu adayankha mwaulemu kuti, "Pepani, matendawa adalowa nawo. Adikire." Sikimu yakale nayo idakana kuwalandiranso. Kuchipatala cha boma makina adali ochepa, odwala ambiri. Bambo Mtambalika adamwalira dzina lawo lisanaitanidwe.

Anthu a pamaliro atabalalika, zonse zidatuluka.

"Ukadandimvera, bambo akadakhala ali moyo," Yotamu adauza Lameki.

"Kukumverani pa chiyani? Mudanena chiyani inu? Pakadapanda ine, bwenzi tikulira amayi."

Delifa atafotokoza za impso zija akulira, onse awiri adamutembenukira. "Ndiye udangokhala chete?"

"Adandilumbiritsa ndi bambo anga. Ndikadatani?"

ANachisale adamvetsera mpaka kumapeto, dzanja lili pachilonda. Kenaka adayankhula motsitsa mawu. "Ndikapuma chonchi, ndimaona ngati ndikuba mpweya wa amuna anga. Sindidziwa amene ndimuyamike, sindidziwa amene ndimukhululukire." Kuchokera tsiku limenelo, ana atatuwo sadadyerenso m'mbale imodzi.

Tsono mlanduwu ndausiya m'manja mwanu, inu omvera. Lameki adakankha osafunsa, koma adapulumutsa mayi ake. Yotamu ankadziwa lamulo, osadziwa matenda. Delifa ankadziwa matenda, ndipo adasunga mawu a bambo ake. Imfa ya a Mtambalika tiisenzetse yani?