Bokosi la Mdala Wovuta

Pa msewu wodutsa kuseri kwa chipatala panali mashopu awiri ogulitsa mabokosi a maliro, oyang'anizana ngati atambala. Ya kumanzere inali ya mkulu wina amene dzina lake lenileni linatsala pa chiphaso chokha, poti aliyense ankangomuti Kasuzumire. Dzinali sanalitole panjira. Ambulansi ikadutsa, iye ankasiya kasitomala ali chiimire n'kukatulutsa khosi pakhomo. Mnzake akamalemba uthenga pa foni, diso la Kasuzumire limakhala litatera kale paphewa. Ngakhale polandira anamfedwa, diso limodzi linkalira nawo, linalo likuyang'ana nsapato zawo kuti adziwe bokosi loti awaonetse.

Khalidwe limeneli ndi limene linamuchotsera mkazi pakhomo. Mayiyo anali namwino, munthu wofatsa, koma anatopa ndi kupeza foni yake itasuntha nthawi iliyonse akachokera kosamba. Tsiku lina analongedza chikwama n'kubwerera kwa makolo ake. Bambo ake, mphunzitsi wopuma ntchito amene sanamukondepo mkamwini wodya za imfa, anagamula mwachidule: Kasuzumire asamuimbire mkaziyo, asamulembere, abwere Loweruka pamaso pa abale adzaonetse kuti matenda osuzumira anamuthera. Abale akakhutira, atenge mkazi wake. Akapanda kukhutira, aiwale.

Tisamunamizire munthu, Kasuzumire ankamukonda mkaziyo. Nyumba inkamuluma, ndipo suti ya Loweruka anaisita sabata isanafike n'komwe pakati.

Koma bizinesi sidikira Loweruka. Mnzake wa tsidya lina la msewu, amene ankadziwika kuti a Chipewa chifukwa cha chipewa chakuda chimene sichinkachoka kumutu, anali atayamba kumulanda makasitomala. Choncho Kasuzumire anaitana mayi wina wa kampani yotsatsa malonda kuti amukonzere maimelo. Mayiyo anafika ndi kompyuta yake, naiika pamwamba pa bokosi lina poti tebulo munalibe, n'kuyamba kufotokoza.

"Imelo iliyonse izitchula mwini wake dzina, bambo, kuti aziona ngati mwalembera iye yekha. Ndiye m'kati mwake mumakhala linki, paja munthu amadina kuti afike pa tsamba la shopu yanu. Aliyense timamupatsa linki yakeyake, yokhala ndi kachizindikiro kobisika. Akangodina, inu pano muona dzina lake."

"Imani kaye, mayi. Mwati ndiziona amene wadina?"

"Muziona."

"Iyeyo osadziwa?"

"Ambiri sadziwa."

Kasuzumire anameza malovu. Chibadwire anali asanamvepo uthenga wabwino ngati umenewu, ngakhale kutchalitchi.

Atafika pa nkhani ya maonekedwe a linkiyo, mayi uja anati malonda a maliro amafuna ulemu, choncho pangokhala timawu tabuluu todula mzere kunsi, takuti: Onani ntchito zathu.

"Zimenezo n'za ogulitsa sopo," anatero Kasuzumire. "Ine ndikufuna batani lagolide, lalikulu, lonyezimira ngati zogwirira za bokosi mwatsamirali. Pabatanipo pakhale dzina la munthuyo, kenako mawu akuti: lanu ndi ili. Akadina, limutulukire bokosi labwino kuposa onse."

"Bambo, anthu tikuwalemberawa ndi amoyo."

"Panopa."

Mayiyo anapuma mozama. Anafunsa kumene atenge mayina ndi maadiresi, ndipo Kasuzumire anamupatsa foni yake, nati onse alimo. Mayiyo anapempha kuti akhale pansi awaone limodzilimodzi, poti makina amakopera dzina momwe mwini foni analilembera. Kasuzumire anakana, anati nthawi yotaya alibe, anthu ake amawadziwa. Ankawadziwadi, mwinanso mopitirira muyeso.

"Chabwino, shopu ndi yanu," anatero mayiyo akutseka chikwama. "Koma ichi chokha musachiiwale. Linki imadziwa amene tamutumizira, sidziwa chala chimene chaidina. Munthu akaitumiza kwa anzake, onse odinawo makina aziwawerengera pa dzina la iye yekhayo."

Kasuzumire anavomera ndi mutu, koma makutu anali ataweruka kale.

Maimelo ananyamuka Lachinayi. Kuyambira pamenepo mkuluyu sanaonenso dzuwa, anangomatirira pa kompyuta yake ya mushopu, tiyi kuzizira pambali. Ena ankadina kamodzi n'kuthawa. Ena anayankha, ndipo mayankho ambiri sanali oyenera kuwerenga pamaso pa ana, koma iye sanawatsegule n'komwe. Zimene munthu wamuuza poyera Kasuzumire sizinkamukoma, zinkamukoma n'zakuba.

Ndiye panali dzina limodzi limene linayamba kukwera. Pa kompyutapo linkaoneka momwe analisungira m'foni: Mdala Wovuta. Amenewotu anali apongozi ake aamuna, aphunzitsi aja. Kasuzumire dzinalo analizolowera moti sanadzifunse kuti nanga pa batani lagolide lija palembedwa chiyani. Chimene chinamugwira mtima n'chakuti mdalayo ankadina, n'kudinanso, n'kudinanso. Pofika Lachisanu anali atasiya kutali aliyense.

"Iii, munthu sasirira bokosi chonchi ngati sakumva kuitana," anadziuza yekha. Anakumbukira kuti mdalayo ankadwaladwala kuthamanga kwa magazi. Anakumbukiranso kuti pa ukwati wa mlamu wake anamumva akutsokomola chifuwa chosakhala bwino.

Loweruka m'mawa anasamba, anavala suti ija, anapukuta mpando wakutsogolo wa galimoto kuti mkazi wake adzakhale pabwino pobwera. Akanangoliza galimoto n'kumapita, bwenzi nkhani ino kulibe. Koma mwendo unamukokera kushopu, ati akangosuzumira kamodzi kokha. Atayatsa kompyuta anapeza kuti Mdala Wovuta wadina mwakuti ngakhale munthu wopanda ntchito sangathe. Anatenga foni. Mkazi wake sakanamuimbira, linali lamulo, choncho anaimbira apongozi aakazi.

Foni itayankhidwa anamva phokoso la anthu ambiri, kenako mawu a mayiwo akudukaduka.

"Aaa, ndinu bambo? Mayo ine! Tafa kuno, tafa! Abambo anuwa angoti ziii, sakuyankha munthu. Abale onse afika. Nthiti zanga ine, mayo!"

Foni inaduka. Paja kuseka kukafika pamapeto kumamveka ngati kulira, makamaka kwa munthu amene amadya za kulira. Kasuzumire anamva "tafa", anamva "ziii", zina zonsezo anazitaya. Basi zonse zinalumikizana m'mutu mwake: mdala watsikira kulichete, ndipo abale atenga foni ya malemu akusankha bokosi. Misozi inatuluka, yeniyeni ndithu, poti ngakhale mdalayo anali wovuta, anali bambo wa mkazi wake.

Akupukuta misoziyo anaona pa zenera galimoto ya a Chipewa ikutuluka, n'kulowera mbali yomweyo ya kwa apongozi. Chisoni chinauma pomwepo. Apongozi a Kasuzumire akagone m'bokosi la a Chipewa? Anthu a mumsewu uno adzamuseka mpaka liti? Komanso apa mpamene mkazi wake akanaona kuti ali ndi mwamuna wodziwa kuthamangira mavuto a banja asanauzidwe. Anakuwira antchito ake kuti akweze bokosi lija la zogwirira zagolide, tenti, mipando ndi nkhata yamaluwa yaikulu kuposa zonse. Mmodzi anafunsa ngati uthenga wa maliro wabwera. Kasuzumire anati uthenga ndi wa anthu osaphunzira, iye ali ndi makina.

Atafika kwa apongozi anapeza magalimoto ali ndandanda m'mbali mwa mpanda, pakhonde anthu ali thithithi. Sanaganize kuti amenewa ndi abale aja anaitanidwa kudzamva nkhani yake yomwe. Anatsika, nkhata m'manja, antchito atanyamula bokosi pambuyo, n'kuyamba kulira ali pageti.

"Bambo anga ine! Mwatisiya ndi yani? Mtengo wathu wagwa lero! Mwapita osandikhululukira ine mwana wanu!"

Onse pakhonde anatembenuka. Anthu anapatuka, ndipo pakati pawo, pa mpando wa ndalema, panali aphunzitsi aja, malaya ositasita, magalasi pamphuno, foni pa bondo.

"Mwafika, akamwini," anatero mdalayo. "Maliro ndi a yani?"

Kasuzumire anabwerera m'mbuyo. Antchito aja anatula bokosi pansi mwakachetechete n'kuyamba kuyang'ana mitambo.

"Ba... bambo, muli moyo?"

"Pepani ngati ndakukhumudwitsani."

Mdalayo anakonza magalasi, anakweza foni, n'kuwerenga pang'onopang'ono ngati akuitana mayina m'kalasi. "A Mdala Wovuta, lanu ndi ili." Anatsitsa foni. "Ine mphatso sindidya ndekha, akamwini. Nditailandira ndinaitumiza pa gulu la abale la pa foni kuti onse aone mmene mwana wanga anakwatiwira bwino. Aliyense wadina, ndi amene ali kunja kwa dziko omwe."

"Ine ndadina kangapo," anatero amalume ake a mkazi wa Kasuzumire ali pakona. "Bokosi lake ndi labwino, tisaname."

Apongozi aakazi anali atagwira chipilala cha khonde, misozi ili chuchuchu. "Koma dzina lokhalo sanaphonye," anatero, n'kuyambiranso kuseka mpaka kukhala pansi. Khonde lonse linaphulika. Ngakhale mdalayo mlomo wake unagwedera pang'ono, ndipo Kasuzumire anaona kampata kopulumukira. Anagwada pa udzu, nkhata ili pachifuwa, n'kuyamba kupepesa.

"Dzukani, mudetsa suti," anatero mdalayo. "Dzinalo ana asukulu anandipatsa oposa pamenepo. Bokosinso si chipongwe, tonse tidzalifuna. Koma pali chimodzi chimene sichikundilowa. Kuno palibe amene anakutumizirani uthenga wa maliro, koma mwabwera ndi bokosi lomwe lija la pa foni. Inu munadziwa bwanji kuti bokosi lanu tikuliyang'ana?"

Apa munthu wanzeru akanatsokomola, kapena kukomoka kumene. Koma Kasuzumire, pofuna kuonetsa kuti sanachite zamisala, anayankha monyadira pang'ono.

"Makina amandionetsa, bambo. Aliyense akadina, ine ndimaona ndili kushopu. Iyeyo osadziwa."

Kuseka kunatha. Amalume aja anayang'ana foni yawo, n'kuilowetsa m'thumba lamkati.

Pamenepo mpamene mkazi wake anatuluka m'nyumba. Anali atavala diresi lija Kasuzumire ankalikonda, ndipo m'manja munali chikwama chomwe chija anachoka nacho. Kasuzumire atachiona chikwamacho mtima unamuwawa kuposa poyamba, poti anadziwa tanthauzo lake.

"Amuna anga," anatero mayiyo, mawu ali pansipansi, "ine ndalongedza m'mawa uno. Ndimati lero ndibwerera kwathu. Za dzina lija ndakupepeserani kwa bambo mpaka pakamwa kuuma, ndimati ndi nthabwala chabe. Koma ine ndinathawa diso lanu m'foni mwanga, inu mwapita kukaligulira magalasi kuti lizionanso m'mafoni a abale anga onse. Ndiye mwati mwasintha?"

Sanadikire yankho. Anatembenuka n'kulowa nacho chikwama chija m'nyumba, ndipo chitseko chinatsekedwa bwinobwino, popanda kumenyetsa.

Mdalayo anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. "Nkhani tinaitanirana ija mwaimaliza nokha, akamwini. Mipando ndi tenti tsitsani, alendo achuluka ndipo dzuwa lakwiya. Bokosilo bwererani nalo. Tsiku langa likadzakwana, ana adzapita kwa a Chipewa. Iwo aja amadikira kuti munthu ayambe wafa."

Kasuzumire anabwerera pang'onopang'ono, bokosi lopanda kanthu likugogoda kumbuyo, nkhata yamaluwa itakhala pa mpando uja anapukutira mkazi wake. Pokhota kulowa mumsewu wa kuseri kwa chipatala anapeza a Chipewa ataima pakhomo pa shopu yawo, atangobwera kumene kokapopetsa matayala. Ataona bokosi lagolide likudutsa ndiponso nkhope ya woyendetsayo, anavula chipewa chija n'kuwerama, poganiza kuti mnzawo wanyamula maliro. Sanalakwitse kwenikweni.

Makina aja sananame, anangonena kuti batani ladinidwa. Maliro anawabereka yekha Kasuzumire, n'kuwathamangira atanyamula kale bokosi. Akuluakulu anachenjeza za polowera m'dziko muno, koma mawu awo amagwiranso ntchito potulukira pake: usagule mbereko mwana asanabadwe.