Mphunzitsi Amene Ankadziwa Mayina Okha

Panali munthu wina, mphunzitsi wa Chingerezi pa yunivesite ina. Sanali waulesi, sanalinso wouma mtima. Chomwe chinkamusautsa chinali kuchuluka kwa ophunzira. Chipinda chimene anamupatsa chinkadzaza mpaka ena kumasuzumira m'mawindo, ndipo okhala kumbuyo ankangoona milomo yake ikugwedera, osamva kanthu. Mapepala oti achonge ankaunjikana patebulo, mayeso ena n'kufika oyamba aja asanabwezedwe.

Kenako yunivesite inaika maphunziro pa intaneti. Wophunzira ankatsegula foni, kumvetsera katchulidwe ka mawu, kuyankha mafunso, pulogalamu n'kumuchongera pomwepo. Lolemba lililonse mphunzitsi uja ankakhala mu ofesi mwake n'kumaphunzitsa kalasi yonse kudzera pa kompyuta. Ophunzira ankazimitsa makamera poopa kutha bandulo ya intaneti, choncho kutsogolo kwake kunkangooneka mayina. Munthu akalowa m'kalasi dzina lake linkawala. Akajomba linkakhala lozimiririka.

Njirayi inathandizadi. Amene kale sankamva anayamba kumva, ndipo ofooka ankabwereza phunziro mpaka litalowa. Mphunzitsi anapumako. Pang'ono ndi pang'ono anazolowera kudziwa ophunzira ake ndi mayina ndi malikisi awo basi.

Pa mayina onsewo, limodzi linkamukondweretsa: Ndaziona Kalima. Dzinali silinkasowa m'kalasi, ndipo ntchito yake inkafika nthawi isanakwane. Akamacheza ndi aphunzitsi anzake ankati, "Ndili ndi mwana wina, Ndaziona. Ameneyo adzafika patali."

Tsiku lina masana, netiweki ikuvuta, iye akulimbana ndi kuika phunziro latsopano, wina anagogoda. Chitseko chinatseguka pang'ono, mtsikana n'kuima pakhomo.

"Aphunzitsi, ndimafuna ndilankhule nanu."

"Za kalasi?" anafunsa, maso ali pa kompyuta.

"Eya. Komanso zina."

"Lemba pa pulogalamu paja, ndikuyankha pomwepo. Mukamabwera mmodzimmodzi chonchi, ine sindimaliza kanthu."

Mtsikanayo anaimabe kanthawi. Anatsokomola, n'kutseka chitseko pang'onopang'ono. Mphunzitsi sanadzutse mutu, sanafunsenso dzina. Uthenga sunabwere, ndipo iye anaiwala.

Teremu inapitirira. Dzina la Ndaziona linkawalabe Lolemba lililonse, malikisi ake n'kumangokwerabe. Pa kalasi yomaliza, mphunzitsi anaganiza zomuyamikira pamaso pa anzake.

"Lero ndikufuna nonse mumve Chingerezi cha mnzanu," anatero. "Ndaziona, tatiwerengera ndime yoyambayo."

Kunali zii. Atayang'anitsitsa anaona kuti dzina lija linali lozimiririka, koyamba chiyambire teremu. Anaitananso. Kenako kunamveka mawu a mtsikana wina, mu Chichewa, ngakhale lamulo la kalasiyo linali loti azilankhula Chingerezi chokha.

"Aphunzitsi, Ndaziona tinamuika m'manda Loweruka."

Mphunzitsi anamuitanitsa mtsikanayo ku ofesi. Anali mnzake wa malemuyo, wogona naye chipinda chimodzi. Anakhala pansonga ya mpando n'kufotokoza zonse. Ndaziona anayamba kudwala chifuwa teremu ili pakati. Ankaopa kuti akapita kukagonekedwa kuchipatala ajomba, ndipo akajomba amuchotsa sukulu. Choncho anakakamira kuhositelo, kumameza timapanado, kumawerenga atagona. Mphamvu zitamuthera, mnzakeyo ndi amene ankalowa m'kalasi pa mafoni awiri, yake ndi ya wodwalayo. Mafunso ankawapatsa pulogalamu ina yolemba mayankho, n'chifukwa chake malikisi ankakwera. Pamene abale ankadzamutenga, matenda anali atamudya kale.

"Koma bwanji osandiuza?" anafunsa mphunzitsi. "Munthu akadwala amaloledwa kuimitsa kaye maphunziro, n'kudzapitiriza akachira. Palibe akanamuchotsa."

Mtsikanayo anayang'ana pansi. "Zimenezo ndi zimene ankafuna kufunsa, aphunzitsi. Anabwera kuno, akuyendabe yekha. Atabwerako anangoti, 'Ati ndilembe pa pulogalamu.' Ndiye ankaopa kulemba, kuti mwina zikafika kwa akuluakulu."

Mphunzitsi anayesa kukumbukira nkhope ya amene anaima pakhomo paja. Anangokumbukira kutsokomola.

Kumapeto kwa sabata anakwera basi kupita kwawo kwa Ndaziona kukapepesa maliro. Anapeza masamba amene anthu anaika pamsewu posonyeza maliro atauma, koma asanawachotse. Bambo a malemuyo anamulandira pakhonde. Atamva kuti ndi mphunzitsi wa ku yunivesite anamupatsa mpando wawo, iwo n'kukhala pa njerwa. Mtsikana wina anagwada, n'kumupatsa madzi akumwa, n'kukakhala pakona ya nyumba pamodzi ndi amayi a malemuyo.

"Mwatilemekeza, aphunzitsi," anatero bambowo. "Ankakutchulani kawirikawiri. Ankati mukamaphunzitsa, ngakhale mawu ovuta amamveka. Ife kuno sitinamumvepo akulankhula Chingerezi, ankatichitira manyazi. Inu amene munali naye, tatiuzeni, ankalankhula bwanji?"

Mphunzitsi anafufuza m'maganizo mwake. Analibe liwu ndi limodzi lomwe la Chingerezi limene anamumva akutchula. Ngakhale ziganizo zokongola zimene ankazitamanda zija sizinali zake.

"Anali wakhama," anatero.

Bambowo anagwedeza mutu mokhutira. Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chithunzi. Panali atsikana atatu atakolekerana manja m'mapewa pa geti ya yunivesite, onse akuseka.

"Ili ndi tsiku limene tinakamusiya. Mwaona m'mene analili wonenepa?"

Anamupatsa chithunzicho osaloza, pakuti munthu salozera mphunzitsi wophunzira wake. Mphunzitsi anayang'ana nkhope zitatuzo. Amayi aja ankamuyang'ana. Akanatha kungochibweza. Koma manyazi anamukankha, ndipo anaika chala pa mtsikana wapakati.

"Eya," anatero. "Ankaseka chonchi."

Bambowo anayang'ana pamene panali chalacho, nthawi yaitali ndithu. Kenako anatenga chithunzi chawo mwaulemu, ndi manja awiri.

"Ameneyo ndi msuweni wake," anatero motsitsa mawu. "Ndi amene wakupatsani madzi uja."

Sanamukalipire. Anamuperekeza mpaka pamsewu monga amachitira ndi mlendo aliyense, n'kumuthokoza chifukwa chobwera. Koma njira yonseyo sanamufunsenso kanthu za mwana wawo.

Tsono inu amene mukuyamba ntchito yophunzitsayi, makinawa musawataye. Amafikitsa mawu anu kumene miyendo yanu singafike, ndipo satopa kubwereza. Koma kompyuta imangodziwa kuti dzina lalowa. Siiona kuti mwini dzinalo waonda, siimvanso mantha a munthu amene akulephera kunena chimene wabwerera. Ntchito imeneyo idakali yanu. Chilankhulo chimene mukuphunzitsa n'choti anthu azimvana nacho, ndiye musakhale aphunzitsi a chilankhulo amene sanamvepo mawu a ophunzira awo. Wina akagogoda, siyani kaye zimene mukuchita, mumuyang'ane, mumufunse kuti ndi ndani. Ena sagogoda kawiri.