Maseva Atatu a Kambalame

Panali munthu wina mumzinda, Kambalame dzina lake, amene ankadana ndi chinthu chongokhala. Akaona mpando wopanda munthu ankausanjikira mabuku. Ntchito yake inali yoyang'anira maseva a sukulu ina yophunzitsa anamwino. Maseva ndi makompyuta akuluakulu amene amalandira zimene anthu amatumiza pa intaneti, ndipo aliyense wofuna malo pasukulupo ankalembetsa kudzera mwa iwo.

Masevawo anali atatu, ndipo ankagwira ntchito mwapachibale. Pakhomo pawo panali kachipangizo kogawa olembetsa: uyu apite ku seva yoyamba, uyu ku yachiwiri, winayu ku yachitatu. Seva imodzi ikafooka, kachipangizoko kankapatutsira anthu ake kwa awiri otsalawo, wolembetsa osadziwa n'komwe kuti kwagwa kanthu. N'chifukwa chake seva iliyonse inkanyamula theka lokha la katundu amene ikanatha kusenza.

Theka lopanda kanthulo ndi limene linkamusowetsa mtendere Kambalame. Akaliona pa sikirini, mtima unkamuwawa ngati wapeza aganyu akusewera bawo m'munda. Anafotokozera mnzake wa pantchito, Mayi Nachisale, kuti akufuna kuwapezera chochita alesi amenewa.

"Malo amenewo si ulesi, a Kambalame," anatero mayiwo. "Ndi mphasa ya mlendo. Mnzawo akadzagwa, katundu wake adzatulidwa pomwepo."

Kambalame anaseka, nati mlendo amene safika sayaliridwa mphasa chaka chonse. Anayamba ndi makalata a ofesi yonse. Anawonjeza mavidiyo a maphunziro, kenako zithunzi za miyambo yonse ya omaliza sukulu, mpaka seva iliyonse inadzaza kufika m'khosi. Zinthu zinkayendabe, akuluakulu anamuyamikira, ndipo iye ankayenda mapewa ali m'mwamba. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Koma mwambi umenewu Kambalame ankaudziwa pouza ena.

Tsono kumudzi kunali Mtisunge, mwana wa mlongo wake. Kambalame ndiye anamuphunzitsa sukulu, ndipo ankamunyadira. Mtsikanayo ankafunitsitsa unamwino, koma mapepala ake anachedwa kusainidwa, moti anatsala ndi tsiku lomaliza lokha, ndipo kulembetsa pasukulu ya amalume akeyo kunkatsekedwa dzuwa likafika paliwombo. M'mawa mwake anakwera kabaza kupita pamsika wa kwawo, pamene panali sitolo yokhala ndi kompyuta.

Tsiku limenelo ochedwa onse a m'dziko anafika pamodzi. Seva yoyamba inatentha n'kuzima, monga amachitira makina aliwonse tsiku lawo likakwana. Kachipangizo kaja kanachita ntchito yake mokhulupirika, kanatumiza anthuwo kwa awiri otsala. Koma kumeneko mphasa inali itapindidwa kale. Seva yachiwiri inadzandira, nayo n'kugwa, ndipo katundu yense anatsamira pa yachitatu, imene inangoti kakasi, osayankha aliyense.

Kambalame anachita mantha. Mayi Nachisale sanamukumbutse chilichonse, anangokoka mpando n'kukhala pambali pake. Kambalame yekha anayamba kutula katundu amene ankanyadira uja: anatseka makalata, anachotsa mavidiyo, anachotsa zithunzi. Seva yachitatu inapuma, yachiwiri inadzuka, anthu anayambanso kulowa, ndipo ambiri analembetsa nthawi isanathe.

Atapeza mpata anaimbira Mtisunge. Mtsikanayo anati anakhala pakompyuta m'mawa wonse tsamba lolembetsera likungozungulira osatseguka, kenako magetsi anazima pamsika ponse, mwini sitolo n'kutseka. Apa anali ali kale m'njira yobwerera kumudzi.

"Musadandaule, amalume," anatero. "Ndi netiweki ya kwathu kuno, imavuta. Ndidzayesanso chaka chamawa."

Kwa Kambalame, kukanakhala bwino mwanayo akanamukalipira. Anamva chisoni ndi manyazi, pakuti netiweki imene inkanamiziridwayo inalibe mlandu.

"Si netiweki, mwana wanga," anatero potsiriza. "Ndine."

Inu amene mukuphunzira ntchito imeneyi, tsiku lina mudzaona malo opanda kanthu pa seva, ndipo manja adzakuyabwani. Musanawadzaze, funsani kuti imodzi ikagwa lero, katundu wake atulidwa pati. Maseva atatu odzaza onse si atatu ayi, chifukwa amagwa pamodzi. Ndipo funso lomwelo mulifunse za masiku anu ndi mphamvu zanu. Mukadzisenzetsa mpaka m'khosi, tsiku limene m'bale wanu adzagwe mudzafuna kumuthandiza ndi mtima wonse, koma pomuika padzasowa.