Mwana wa Mlimi wa Njuchi ndi Kalata ya ku Koleji

Panali munthu wina amene ankaweta njuchi m'tsinde mwa phiri lalitali. Ming'oma yake inali yopachika m'mitengo ya mombo ndi misuku, kumtunda kumene nkhungu imagona mpaka dzuwa litakwera. Munthuyu sanapite patali ndi sukulu, koma njuchi ankazidziwa. Akaima pansi pa mtengo n'kutchera khutu, ankatha kunena ngati uchi wakhwima kapena ayi.

Anali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi, dzina lake Sungeni. Kuyambira ali wamng'ono, Sungeni ankatsatira bambo ake kuphiri, atanyamula ndowa ndi udzu wofukizira utsi. Anali mwana wosalankhulalankhula. Nthawi zambiri ankangokhala pamwala, kuyang'ana nkhungu ikutsetsereka m'chigwa ngati nsalu yoyera imene wina akuikoka pang'onopang'ono.

Sungeni analemba mayeso a Fomu 4 ndipo anakhoza bwino. Nthawi yofunsira malo ku koleji itakwana, anapita kuboma ndi mnzake wina amene ankakhala naye desiki imodzi. Mnzakeyo analemba pa fomu kuti akufuna maphunziro a za mahotela ndi kulandira alendo. Sungeni anasuzumira, n'kulembanso zomwezo. Sanaziganizire kwambiri.

Patapita miyezi, kalata inabwera. Onse awiri anasankhidwa.

Mayi ake a Sungeni analuluta pakhomo mpaka anansi anatuluka m'nyumba. Lamulungu lotsatira anauza amayi anzawo onse kutchalitchi. Anagula sutikesi yabuluu n'kuiika pamwamba pa kabati, pomwe aliyense wolowa angaione. M'mudzimo munali musanatulukepo mtsikana wopita ku koleji.

Masiku amenewo Sungeni ankalota ali maso. Akamatunga madzi ankadziona atavala mkanjo wakuda ndi chipewa cha makona anayi, akuyenda pa kapinga wonyowa ndi mame, dzina lake likuitanidwa pa chimkuzamawu. Ankamva nthungululu zikuchokera patali, ndowa n'kusefukira iye osazindikira. Koma lotoli linali la tsiku limodzi lokha. Akayesa kudziona m'kalasi tsiku wamba, buku lili patsogolo, chithunzicho chinkazimiririka. Akayesa kudziona ali pa ntchitoyo patapita zaka khumi, sankaona kalikonse. Zimenezi sanauze munthu.

Kutatsala milungu itatu kuti anyamuke, anakwera phiri m'mamawa ndi bambo ake kukafula uchi. Nkhungu inali yambiri tsikulo, moti mitengo inkaoneka ngati anthu amene aima chete kudikira wina. Atafika pa mng'oma woyamba, bamboyo anatchera khutu. Kunali zii. Anakwera mumtengo n'kutsegula. Munali zisa zouma, ndi njuchi zochepa zakufa pansi pake. Mng'oma wachiwiri unali chimodzimodzi. Wachitatunso.

Sungeni anafunsa ngati ndi chiuli, kanyama kaja kokonda uchi. Bamboyo anati chiuli amaswa mng'oma, koma apa panalibe chosweka. Anafunsa za nyerere, anafunsa za moto wolusa. Bamboyo ankangopukusa mutu.

"Nanga n'chiyani, bambo?"

Bamboyo anakhala pa muzu wa mtengo, chipewa chili m'manja.

"Mwanangu, ndakhala ndi njuchi zaka makumi anayi. Ichi chokha sindikuchidziwa."

Sungeni anali asanamvepo mawu amenewo pakamwa pa bambo ake. Anatola njuchi imodzi n'kuiika pachikhatho. Inali yopepuka ngati mankhusu, kalilime kake kali kunja. Anatola ina, nayonso kalilime kali kunja. Anaziyang'ana nthawi yaitali, ndipo podzadzutsa mutu anapeza nkhungu yachoka, chigwa chonse chili poyera.

Kuchokera tsikulo maloto ake anasintha. Mkanjo uja sunabwerenso. Akatseka maso ankaona njuchi zikutuluka m'ming'oma, zikutsika phiri m'kuwala kwa m'mawa, ndipo iye ankazitsatira m'maganizo, kufuna kuona kumene zimatera. Kenako anayamba kuzitsatira ndi miyendo. Zinam'fikitsa ku madimba a tomato a m'mbali mwa mtsinje, zinam'fikitsanso ku dera lina la nkhalango kumene mitengo yamaluwa inali itatha ndi makala.

Anapita kwa mlangizi wa zaulimi. Mlangiziyo anam'mvetsera bwino, n'kunena chilungamo kuti iye za chimanga ndi mbuzi amazidziwa, koma za njuchi amangodziwa pamwamba. Anati kuli koleji ina, ya za nkhalango ndi zachilengedwe, kumene zinthu zotere amaziphunzira mozama. Koma nthawi yofunsira malo inali itadutsa. Ankayenera kudikira chaka chathunthu, ndipo panalibe amene akanam'tsimikizira kuti adzasankhidwanso.

Sungeni anayenda ndi nkhaniyi mumtima masiku anayi. Tsiku lachisanu anauza makolo ake kuti ku koleji ya mahotela sapita.

Mayi ake analira. Anati atsikana ambiri amene ananena kuti adikira chaka chimodzi lero ali ndi ana kumsana, ndipo sukulu anaiwala. Anafunsa kuti amayi a kutchalitchi akawauza chiyani. Sankalankhula mwankhanza. Anali ndi mantha, ndipo mantha awo anali ndi chifukwa.

Mayiyo atatopa, bamboyo anayang'ana mwana wawo.

"Ngati ukutsalira ine, nyamuka ndi anzako. Njuchizi ndi zanga, koma moyowo ndi wako."

"Sindikutsalira inu, bambo. Ndikufuna kudziwa chimene chazipha."

M'mawa mwake Sungeni analemba kalata yothokoza koleji ija, n'kupempha kuti malo ake apatse wina. Anayenda wapansi mpaka ku positi. Anaima pa bokosi kanthawi. Kenako anaiponya, n'kumva ikugwera mkati.

Chaka chimenecho chinali chachitali. Ena m'mudzi ankati mwina sanakhoze n'komwe. Ena ankayang'ana mimba yake akamadutsa. Mayi ake anatsitsa sutikesi ija n'kuikankhira kunsi kwa bedi, ndipo kwa miyezi iwiri ankangomulankhula zofunika zokha. Pa tchuthi, mnzake uja anabwera nkhope ikuwala, akusimba za maphunziro ake osapuma, chifukwa iye ankawakondadi. Sungeni anam'perekeza mpaka pamsewu, ndipo pobwerera anakhala pansi m'mbali mwa njira n'kulira pang'ono. Sankadziwa ngati anachita bwino.

Koma m'mawa uliwonse ankakwerabe phiri, atatenga kope ndi pensulo. Ankalemba mitengo imene yachita maluwa, mbali imene njuchi zalowera, tsiku limene alimi a m'madimba apopera mankhwala, ndi chiwerengero cha njuchi zakufa pansi pa mng'oma uliwonse. Nthawi zina ankagona chagada paudzu, kuziyang'ana zikudutsa pamwamba pake ngati timadontho ta golide, mpaka osadziwa ngati ali maso kapena wagona. Pofika nyengo ya mvula, makope anali atakwana anayi.

Anafunsiranso malo, ulendo uno ku koleji ya za nkhalango ija. Makalata a ena anabwera, yake osabwera. Inafika patapita milungu iwiri, envelopu itada ndi fumbi la m'njira. Anali atasankhidwa. Tsiku lonyamuka, mayi ake ndiwo anam'senzera katundu mpaka pa siteji, ndipo sanachoke mpaka basi itazimiririka kuseri kwa phiri.

Ku kolejiko zinthu sizinali zofewa. Teremu yoyamba analephera phunziro limodzi, n'kulibwereza. Ankasowa kwawo, ankasowa fungo la utsi ndi phula. Anzake ena anasiyira panjira, ndipo ena mwa iwo anali anzeru kuposa iye. Koma Sungeni chilichonse chimene ankaphunzitsidwa ankachiika pambali pa funso lake, kuona ngati chikuyankhapo kanthu. Motero ngakhale masiku otopetsa anali ndi pogwira. M'chaka chachitatu anayamba kumvetsa. Chimene chinkapha njuchi sichinali chinthu chimodzi: njala ya maluwa inkazifooketsa, ndipo mankhwala opopera dzuwa lili pamutu, njuchi zili pa ntchito, ankazimaliza. Pa tchuthi anatsikira ku madimba, n'kukhala pansi ndi alimi a tomato, omwe anali amalume ake ndi anansi ake, kukambirana za nthawi yabwino yopopera. Ena anamva, ena anatenga zaka kuti amve. Bambo ake anakhala pambali, akumvetsera mwana wawo akufotokoza zimene iwo sankazidziwa.

Tsono inu ana anga, amene mwatsala pang'ono kulemba mayeso, sindikunena kuti nonse mupite ku koleji. Sindikunenanso kuti mudikire chaka ngati Sungeni, chifukwa ena akadikira sanyamukanso, monga ankaopera mayi ake. Mnzake uja anachita bwino kupita nthawi yomweyo, poti mtima wake unali komweko. Chimene ndikunena n'chakuti musayambe ndi kufunsa kuti koleji iti. Yambani ndi kudzifunsa kuti n'chiyani chimene mumafunitsitsa kuchidziwa kapena kuchichita ndi manja anu, ngakhale popanda wokuomberani m'manja. Kwa wina ndi matenda a ana, kwa wina ndi injini ya galimoto, kwa wina ndi nsalu ndi makina osokera. Mukachipeza, funsani kumene amachiphunzitsa. Kukakhala ku koleji, pitani, ngakhale kutalike chotani. Kukakhala pa galaja ya kuseri kwa msika, pitani komweko, ndipo musachite manyazi.