Khoma Lolira la Sipanala

Anthu a m'tauni ankangomutchula kuti Sipanala, poti chitsulo chomangira mipopecho sichinkachoka m'thumba lake ngakhale popita kumaliro. Anali pulambala wa manja abwino. Madzi akasochera m'nyumba ya munthu, iye ankangofika n'kutsamiza khutu pakhoma, kugogoda pang'ono ndi chala, kenako n'kuloza pamene abisala. Ankakonda kuuza anzake kuti madzi ndi kapolo wopanda nzeru: ukawaonetsa njira amatsata, ukawatsekera amakhala. Chimene sankapirira m'moyo wake chinali dontho. Ngakhale atapita kocheza kwa eni, akangomva "tho, tho" kubafa nkhani inkamuthera m'kamwa mpaka adzuke akamange mpopiwo.

Koma mmisiri ameneyu analibe pake. Iye ndi mkazi wake, mayi wosoka zovala, anakalambira m'nyumba za lendi, kusamukasamuka ngati mphaka wonyamula ana. Makina osokera a mayiyo anachita zipsera chifukwa chokwezedwa ndi kutsitsidwa m'malole. Ana atakula n'kupita kumabanja awo, mayi anamuuza tsiku lina, maso ali pansalu imene ankadula, kuti sakufuna kudzafera m'nyumba imene sangakhomemo msomali asanapemphe. Mawuwo anamulasa Sipanala pamtima, ndipo analumbira kuti mvula isanagwe kawiri adzakhala ali pawo.

Posakhalitsa anamva za malo ogulitsa kuphiri, kupitirira kumene msewu wa tala umathera, ndipo ananyamukira limodzi kukawaona. Malowo anali osalala ngati chikhatho, atagona pakati pa misana iwiri ya phiri. Chinali chilimwe, thengo lonse litauma, koma pamenepo udzu unali wobiriwira. Munthu akayang'ana kumunsi ankaona dziko lonse litayalidwa ngati nsalu. Wogulitsayo, bambo wamtali wonyamula ambulera kopanda mtambo, anawaonetsa malire ataima pamsewu, akungoloza ndi ambulerayo. Phazi lake silinaponde udzuwo. Mayi anaona kuti nyumba zonse za anthu a kumeneko zinali zitakakamira pamisana ya phiri, pamiyala, ngati mbuzi, ndiponso kuti tinjira tawo tonse tinkazungulira malo okongolawo, palibe kamene kankadutsa pakati. Atafunsa chifukwa chake, wogulitsayo anayang'ana kumbali nati anthu a kuno amakonda mphepo. Sipanala anaseka, nauza mkazi wake kuti mwayi ukakupeza suufunsa kumene wachokera. Tsiku lomwelo anagwirana chanza ndi wogulitsayo.

Pokumba maziko, fosholo inayamba kutulutsa mchenga woyera ndi miyala yobulungira, yosalala ngati mazira. Sipanala anatola umodzi n'kuutembenuza m'dzanja. Sanafune wina womuuza. Mwala suchita kubadwa wosalala chotero. Pamakhala chimene chinaugubuduza zaka ndi zaka. Anakweza maso kuyang'ana mpata wa pakati pa misana ija, kumene phiri linkaoneka ngati latsegula pakamwa pang'ono. Koma anali atauza kale tauni yonse kuti wapeza malo a mwanaalirenji, ndipo mkazi wake anali atayamba kusoka makatani. Anaponya mwalawo muudzu, osanena kanthu kunyumba. Mumtima anati: ngati ndi madzi, akumana ndi mwini wake.

Choncho anakwirira mpope waukulu wa simenti pansi pa nyumba, kuyambira kumtunda mpaka kumunsi, kuti chilichonse chotsika m'phirimo chizidutsa mmenemo mwaulemu. Kuseri, kumene anadula phiri kuti nyumba ikwane, mmisiri wa njerwa anamanga khoma lalitali lochirikiza dothi, ndipo m'munsi mwake anasiya timabowo pamzere. Anati apa ndi pamene phiri lizipumira. Sipanala anavomera, pakuti naye ankadziwa bwino ntchito ya timabowoto.

Nyumba inatha, yamalata ofiira ndi khonde lalikulu. Tsiku losamukira mayi anakhoma misomali pakhoma la pabalaza yoposa zithunzi zimene anali nazo, akuseka yekha. Mvula itabwera, mpope wa pansi uja unagwira ntchito yake, ndipo Sipanala ankaima kumunsi manja ali m'chiuno kuonerera madzi akutuluka momvera. Chinamusowetsa mtendere ndi khoma la kuseri. Timabowo tija tinkadontha, ndipo mvula itatha sitinaleke. Dzuwa linkaswa mtengo, koma kuseri kunkamvekabe "tho, tho, tho". Pansi pa bowo lililonse panamera ndere zobiriwira, zotsetsereka ngati misozi. Sipanala akamadya ankalimva dontholo, akamacheza ankalimva, koma ankadziletsa.

Kenako kunabwera alamu ake, mchimwene wa mkazi wake, woyendetsa minibasi, munthu wa pakamwa posapsa. Anayendera nyumba yonse akuyamikira, mpaka anafika kuseri. Pamenepo anaima, anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa ngati wafika pasiwa.

"Pepani alamu, sindinamve kuti kuno kwagwa zovuta," anatero. "Khomali likulira ndani? Mwatha tauni yonse kutseka madontho a eni ake, kwanu kukudontha ngati dengu. Kapena tikuitanireni pulambala?"

Onse anaseka, ngakhale mayi anaseka mpaka kupukuta maso. Sipanala anasekako ndi mano okha. M'mawa mwake, mlendo atangotsika phiri, anakanda simenti mu wilibala n'kuyamba kutseka timabowoto kamodzikamodzi, akusalaza bwinobwino kuti pasaoneke chipsera. Mkazi wake anamupeza ali chogwada, namukumbutsa modekha zimene mmisiri uja ananena.

"Wa njerwa adziwe njerwa, mayi," anayankha osatembenuka. "Za madzi mundisiyire ine."

Pofika masana khoma linali litauma, ndipo kuseri kunali zii. Ndi bata limene ankalifuna. Koma atakhala pakhonde anapeza kuti khutu lake likufunafunabe dontho lija, monga lilime lifunafuna dzino lozulidwa. Batalo linali lolemera, ngati la munthu amene wasiya kukuyankha koma akukuyang'anabe.

Patapita milungu, pansi pa nyumba panaoneka mzere wa chinyezi. Unayambira kuchipinda chogona, kukhoma loyang'ana phiri, n'kudutsa pabalaza mpaka pakhomo la kumaso. Sunali wowongoka ngati mpope umene iye anakwirira. Unkakhotakhota ngati podutsa njoka. Mayi ankaukolopa, ankatsegula mawindo, koma m'mawa ankaupeza uli pomwepo, utanenepako pang'ono. Tsiku lina anapeza nkhanu yaing'ono pansi pa kabati ya mbale. Pambuyo pake kunabwera achule. Sankalira, sankathawa tsache. Ankangokhala pamzerewo masanasana, wina kumbuyo kwa mnzake, onse atayang'ana kuphiri ngati anthu odikira basi.

Sipanala anali ndi yankho pa chilichonse. Zitseko zitayamba kukana kutsekeka, anazipala. Ming'alu itatuluka pamwamba pa mawindo, anaimata n'kupaka penti. Singano za makina zitachita dzimbiri, anati ndi mphepo ya kuphiri. Mayi wina wa pamsana wa phiri, amene anasiya nsalu kuti amusokere diresi, anabwera kudzaitenga isanasokedwe. Anakana kulowa, anakana ndi mpando womwe. Anaima pamsewu, nalandira nsalu yake atatambasula dzanja, ndipo pochoka anangofunsa ngati iwowa alibe abale m'tauni oti n'kukawachezera nyengo ya mvula.

Tsiku lomwelo mpukutu wa ulusi unagwa pamakina. Mayi anauyang'ana ukugubuduzika wokha, pang'onopang'ono, kutsata mzere wa chinyezi uja ndi makhotakhota ake onse, mpaka unakagunda chitseko cha kumaso.

"Bambo," anatero ndi mawu otsika, "nyumba ino ikuyenda."

Sipanala anati nyumba yatsopano imatero, imakhala ikukhazikika. Koma mkazi wake atalowa kukhichini, iye anazemba kupita kuseri, natsamiza khutu pakhoma lija monga ankachitira m'nyumba za eni. Khomalo linali lozizira ngati mphuno ya galu. Sanamve dontho. Anamva chinthu chonga anthu ambiri akulankhula motsitsa m'chipinda chotseka, osakangana, ngati ogwirizana kale zochita. Anachotsa khutu msanga. Tchizulo ndi hamala zinali m'bokosi pakhonde, ndipo kutsegula timabowoto inali ntchito yosafika ndi madzulo omwe. Anaimirira nthawi yaitali. Kenako anaganiza za mkazi wake akumuona akugumula zimene anamata yekha, anaganiza za alamu ake akuifotokoza nkhaniyo m'minibasi yodzaza, ndipo anati adikire kaye, mwina chilimwe chiumitsa zonse.

Chilimwe chinatha osaumitsa kanthu. Mvula yachiwiri inayamba mwaulemu, yowaza usana n'kuleka. Ndiye kunacha tsiku lina lowala bwino. Panyumba dzuwa linali phwee, mayi anayanika zovala, koma pamwamba pa phiri panakhala mtambo wakuda, wosasuntha, wosagunda. Chapamasana Sipanala anazindikira kuti m'nyumba mulibe chule ndi mmodzi yemwe. Anatsikira kumunsi kukaona kamwa la mpope wake, umene masiku onsewo unkatulutsa madzi. Unali utauma. Anasuzumiramo: mdima, ndi kamphepo kozizira konunkha dothi lofukulidwa kumene. Miyala ndi mizu zinali zitautseka kumtunda. Madzi amene ankagwa pamwamba paja sankatulukira kumpope, sankatulukira kukhoma. Iye, woposa wina aliyense, ankadziwa kuti madzi sasowa, amangokhala penapake.

Anathamangira kuseri, tchizulo m'manja. Khoma linali litatupa pakati ngati mimba ya miyezi yotsiriza. Asanaligunde n'komwe, chimodzi mwa zomata zake chinafwamphuka chokha ngati chotsekera botolo, n'kumudutsa pafupi ndi bondo, ndipo pabowopo panathamanga madzi ofiira. Chachiwiri chinatsatira, kenako chachitatu, pamzere, monga momwe anazitsekera. Tchizulo inamupulumuka m'manja. Analowa m'nyumba n'kumugwira mkazi wake pamkono. Mayi anafuna kunyamula makina ake, koma ataona nkhope ya mwamuna wake anawasiya.

Anakwera msana wa phiri chokwawa, akugwira udzu ndi mizu. Atafika pamwamba anapeza anthu a kumeneko ataima kale pamzere, amuna ndi akazi, manja atapinda pachifuwa, maso onse ali panyumba ya malata ofiira. Palibe amene anawaitana. Anangosendera pang'ono kuwapatsa malo.

Khoma silinaphulike. Linangogwada, ngati ng'ombe yotopa. Kumbuyo kwake kunatuluka matope, miyala ndi mitengo yathunthu itaimirira, zonse zikutsika mosafulumira padzuwa lowala. Zinalowera pawindo la kuchipinda chogona, ndipo kwa kanthawi nyumbayo inaoneka ngati yameza zonse. Kenako chitseko cha kumaso chinatseguka, monga chimatsegukira mwini nyumba akamatuluka, ndipo mtsinje unadutsa. Denga linapindika pakati, nyumba n'kugawika pawiri. Zovala zinali zikadali pachingwe pambali, zouma, zikupepeluka.

Mayi sanalire. Anayang'ana mpaka phokoso litatsika, kenako anatembenukira kwa mwamuna wake.

"Munkadziwa?" anafunsa.

Sipanala, munthu amene anali ndi yankho pa chilichonse, anangoweramitsa mutu. Mayi anagwedeza mutu pang'ono, ngati wamva zonse, nayamba kutsika kulowera kumsewu, iye akutsatira m'mbuyo.

Anabwerera kutauni, m'chipinda chimodzi chakuseri kwa nyumba ya alamu aja. Woyendetsa minibasiyo sanaseke ngakhale kamodzi, ndipo kusaseka kwakeko kunkamupweteka Sipanala kuposa chipongwe chilichonse. Mayi anayamba kusoka pamakina obwereka, pakhonde la sitolo ya munthu wina. Za phiri sankazitchula.

Mvula itatha, Sipanala anakwera yekha kukaona ngati pali malata kapena mafelemu oti n'kupulumutsa. Ali patali anamva kuseka kwa amayi. Makoma awiri anali chiimire, wina uku wina uku, ndipo pakati pawo, pamene panali pabalaza, pankayenda kamtsinje koyera mbee, kakuimba pamiyala. Amayi a pamsana wa phiri anali atatsika ndi mabeseni awo, akuchapa pasimenti ya khonde lake, ana akusambira m'chipinda chogona. Mmodzi, amene sanamuzindikire, anamulonjera ngati wapaulendo, natunga madzi m'kapu n'kumupatsa ndi manja awiri.

"Imwani bambo, mwatopa ndi chitunda," anatero. "Ndi okoma awa. Amayi anga ankachapa pompano ali mtsikana, kenako madziwa anangosowa zaka zambirimbiri. Chaka chino abwerera."

Sipanala analandira kapuyo. Anayang'ana madziwo, oyera ndi odekha ngati sanalakwirepo munthu, ndipo anamwa onse, pakuti ludzu linali litamugwiradi. Atabweza kapu anathokoza, natsika phiri chimanjamanja.

Munthu angagule dothi, angakwirire mpope, angamate bowo lililonse kuti anzake asamuseke, koma chimene chinali ndi njira yake iye asanabwere chimangodikira tsiku lake. Akuluakulu sananame pamene anati madzi saiwala khwawa.