Umayal Aachi ndi ziboliboli za amuna awo

Ku Karaikudi, ku India, aliyense amadziwa kuti kwa Umayal Aachi ngakhale supuni imawala mpaka kukuthobwa m'maso. Mayi amenewa eee! Fumbi likangowamva kutsokomola limathawa lokha kkkk.

Amuna awo, malemu Sevugan Chettiar, anali olemera koma a mtundu wawo. Anzawo akugula magalimoto, iwo zaka makumi anayi ankangogula ziboliboli zamkuwa za milungu, zakalekale, zobiriwira ngati zagona m'chithaphwi. Ankazitsekera m'chipinda chapamwamba, kiyi m'chiuno, Aachi osaloledwa kulowamo olo ndi tsache. Asanamwalire analemba kuti zonse zipite ku myuziyamu ku Chennai, ndipo a myuziyamuwo analonjeza chipinda chathunthu, dzina la Chettiar pakhomo. Aachi analumbira pamaliro pomwepo kuti dzinalo adzaliona ndi maso awo.

Ndiye patatsala masiku atatu kuti a myuziyamu abwere, Aachi atsegula chipinda chija. Kuyang'ana, mutu gwi!

"Mulungu wanga Muruga! Sigappi! Tabwera udzaone manyazi awa!"

Sigappi, mkazi wa mwana wawo, anakwera akuthamanga, m'manja muli ufa.

"Anthu achoke ku Chennai kudzaona zimenezi? Adzati nyumba ino mulibe mkazi. Kanyike bwemba, wambiri."

"Aachi, bwanji tiwaimbire kaye mayi a ku myuziyamu aja? Apongozi ankakana ngakhale kuzikhudza..."

"Apongozi akowo sanatsukepo kapu yomwe amweramo khofi! Ine ndikafunse kamtsikana ka ku Chennai katsukidwe ka mkuwa? Ndinayamba kupukuta nyali zamkuwa amake asanamere mano!"

Masiku awiri, inu! Bwemba, phulusa, makoko a kokonati, kwecha kwecha mpaka zala kusupuka. Dzimbiri lobiriwira lija linali louma mutu, koma Aachi ndi ouma mutu kuposa kkk. Madzi obiriwira amangoyenda m'ngalande. Pomaliza ziboliboli khumi ndi ziwiri zinali ng'aning'ani ngati zibangili za mkwatibwi, zitandandalikidwa pabwalo la m'kati, chilichonse ndi nkhata yake ya maluwa.

Anafika Dr. Parimala a ku myuziyamu, mabokosi a thonje pambuyo, magolovesi oyera m'manja. Atangolowa anaima njii. Kenako anakhala pansi. Osati pampando, pansi penipeni!

"Aachi... izi ndi ziti?"

"Si zomwe mwabwerera? Imwani khofi kaye."

"Zenizeni zija zili kuti? Zobiriwira zija?"

"Ndi zomwezi mwanawe, zangosamba!"

Dr. Parimala anavula magalasi, kuwavalanso, kuwavulanso. Aachi anayang'ana Sigappi ngati akufunsa kuti kodi mayiyu wadya m'mawa? Ankadikira kuyamikiridwa, koma munthu akutuluka misozi.

"Aachi, zobiriwira zija ndiye umboni wake. Zimatenga zaka mazanamazana kuti zimere. Tikaziona, tikaziyeza, m'pamene timadziwa kuti chinthu n'chakale. Panopa zikungooneka ngati zogula dzulo kumsika wa ziboliboli zatsopano ku Swamimalai."

"Dikirani. Mukutanthauza kuti mumafuna litsiro?"

"Si litsiro..."

"Nanga n'chiyani chimene chimachoka ndi bwemba?"

Sigappi anadziluma milomo, kuseka kukumufuna, kulira kukumufunanso.

"Ndiye tizibwezere kudothi," Aachi anatero. "Kuseri kuli munda. Sabata imodzi sizingabiriwire?"

"Zaka mazana asanu ndi atatu, Aachi."

"Nanga chipinda cha amuna anga?"

Dr. Parimala anangoyang'ana pansi. Anati akuluakulu awo sangalole chipinda chathunthu cha zinthu zimene nkhope zake zakwechedwa mpaka mphuno kusalala, azitenga inde, koma zikakhala kosungira katundu. Kenako anawerenga pa pepala lawo, kukweza mutu.

"Apa palembedwa khumi ndi zitatu. China chili kuti?"

Sigappi ndi amene anaulula kkkk. Eti chinalipo china chothyoka mkono, choipa kwambiri, Aachi atachiona anati ichi chingotichititsa manyazi, n'kukachiika chotsekereza chitseko cha chipinda cha mpunga! Dr. Parimala anathamangira komweko nsalu yawo ya sari ikuuluka, n'kuchinyamula ngati khanda, chobiriwira bii, akuchinong'oneza.

Patapita miyezi isanu Aachi anakwera sitima ndi Sigappi mpaka ku Chennai, atavala sari yawo ya silika yopitira ku maukwati. Anazungulira myuziyamu yonse akuwerenga makomo, khomo ndi khomo. Dzina la Chettiar palibe. Anakalipeza pakona, pafupi ndi masitepe, m'kabokosi ka galasi momwe munali chotsekereza chitseko chawo chija, pa kapepala kochepa ngati tikiti ya basi: Mphatso ya malemu Sevugan Chettiar.

Anaima nthawi yayitali. Anthu akujambula chothyoka mkonocho, akuti eee kukongola kwake! Aachi kuyang'ana anthuwo, kuyang'ana chiboliboli, kuyang'ananso anthuwo.

"Sigappi."

"Aachi?"

"Zaka makumi anayi bambo aja kundibisira kiyi, ine ndimayesa kuti akubisa uve wawo."

Foni inalipo m'nyumba tsiku lotsegula chipinda lija, nambala ya Dr. Parimala ili pa khoma pomwepo. Akulu sananame, safunsa adadya phula.