Nkhandwe Yofiira ya a Eneya

A Eneya, tenanti wa pa esiteti ina ya fodya ku Mkanda, anali ndi misoti isanu ndi umodzi. Wonenepa kwambiri anausungira chinkhoswe cha mwana wawo Consolata, pakuti akuchimuna akapereka tambala, akuchikazi amabweza msoti.

Mmawa wina anapeza msoti umodzi uli gone m'khola, utalumidwa pakhosi. Akazi awo, a Anasi, anaona kauna pansi pa khoma, nanunkhiza fungo, n'kunena kuti ndi likongwe, kanyama kakuda ka mizere yoyera kamsana. Anati angomata dothi, nkhani ithe.

Koma a Eneya anali ataonera pa foni ya kapitawo kanema wa nkhandwe yofiira ya ku Ulaya ikuba nkhuku. Anayamba kufanizira nyama ziwirizo ngati mphunzitsi. Nkhandwe, anatero, ili ndi mchira wa ulemu, makutu osongoka ndi ubweya ngati jekete la bwana. Likongwe ndi chingwe chabe chomera miyendo. Nkhuku zawo sizikanadyedwa ndi kanyama ka m'mudzi momwemo.

"Nanga nkhandwe yanuyo yafika bwanji kuno, bambo a Consolata?" anafunsa a Anasi.

"Pa lole. Malire ali pafupi pompa, ndipo nyama sifunsidwa pasipoti."

Tsiku lomwelo anagumula khoma lomata la khola, nazula mitengo ya mikangala pa chigafa choyanikamo fodya, n'kumanga mpanda wautali kuposa denga la tchalitchi, poti nkhandwe imalumpha. Mipata ya pakati pa mitengo sanaisamale. Anayesa ndi galu wa aneba, galuyo analephera kulowa, iwo n'kukhutira. Likongwe, amene kale ankavutika ndi kauna kamodzi, tsopano anali ndi makomo makumi anayi.

Misoti inatha umodziumodzi. Ikafa, a Eneya ankawonjezera mpanda m'mwamba, mpaka anabwereka makwerero. Tsiku lina masana likongwe anadutsa pamapazi awo, iwo ali chiyang'anire kumwamba. A Anasi atawalozera, anayankha kuti kameneko n'kantchito chabe, bwana wake akubwera.

Mmawa wa chinkhoswe, msoti wotsiriza unapezeka utauma. Chideru chinali chitasesa nkhuku za anzawo onse pa esitetipo, ndipo chimene chinapezeka chobwereka ndi bakha wamwamuna.

Akuchimuna anapereka tambala wawo, anthu n'kululutira. Malume a Consolata anatulutsa bakha m'dengu. A Yohane, nkhoswe ya kuchimuna, anamutembenuza bakhayo uku ndi uku, nafunsa modekha ngati mtsikanayo nayenso asinthidwa. Anatenga tambala wawo, nati adzabweranso banjalo likadzapeza nkhuku.

Consolata sanalankhule ndi bambo ake mwezi wathunthu. A Eneya anasenda dothi okha, namata khola lopanda kanthu. Paja samva za anzake anamva nkhwangwa ili m'mutu.